Kalaputopu kanga katasiya kuona hotspot ya foni yatsopano

Ndikulembera inu amene mukugwiritsabe ntchito timalaputopu ting'onoting'ono tija amati netbook, timene tinachuluka cha m'ma 2010 ndipo mpaka pano tikadali m'manyumba, m'masukulu ndi m'maofesi a mipingo. Kanga ndi ka Acer Aspire One, sikirini yake ya mainchesi 10, purosesa ya Intel Atom, RAM ya 1 GB, Windows 7 Starter. Anandibweretsera ndi alamu anga kuchokera ku Johannesburg, kali kogwiritsidwa kale ntchito. Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Chirimba. Mayeso a ana, masikimu, makalata a komiti ya sukulu, ndi ntchito za kosi imene ndikuchita ndili pakhomo, zonse ndimatayipira pa kamakina kameneka.

Kwa zaka zambiri intaneti ndimaipeza potsegula hotspot pa foni, kalaputopu n'kulumikiza kokha popanda vuto. Kumayambiriro kwa 2024 foni ija inagwera m'beseni la madzi, osadzukanso. Ndinadzimana n'kugula ina yatsopano. Madzulo a tsiku lomwelo ndinatsegula hotspot, ndinaika dzina ndi pasiwedi zomwe zija zakale, ndinayatsa kalaputopu, koma pa mndandanda wa manetiweki dzina langa panalibe. Mayina a hotspot za anthu oyandikana nawo nyumba amaoneka bwinobwino, ngakhale ya mnyamata wa pa shopu kuseri kwa mpanda. Foni ya mayi a kunyumba imaiona hotspot yanga n'kulowa. Kalaputopu kokha ndiko kanali ngati sikakudziwa kuti foniyo ili pambali pake pa tebulo lomwelo.

Pamenepa ndi pamene mpofunika kuima kaye. Laputopu ikamaona manetiweki a ena koma osaona yanu yokha, ndiye kuti khadi lake la Wi-Fi ndi lamoyo, driver wake (kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kugwiritsa ntchito khadilo) ali bwino, Windows ilibe mlandu. Chasintha ndi chimene chikutumiza Wi-Fi, ndipo kumeneko n'kumene muyenera kuyang'ana. Chiganizo chimodzi chimenechi ndikanachimva usiku umenewo, zonse zimene ndikufotokoze m'munsimu sizikanachitika.

Koma ine ndinali ndi asayimenti yoyenera kutumizidwa sabata yotsatira, ndipo mtima sunali m'malo. Loweruka ndinakwera minibasi wa ku Limbe, kupita pa kamalo kena kokonzera mafoni ndi makompyuta. Mnyamata amene ndinamupeza sanafunse n'komwe kuti vuto linayamba bwanji. Anangokatembenuza, n'kukayatsa, n'kuti, "Madala, Windows iyi yatopa, mwadzaza mavayirasi. Tingokafomata, kakhala katsopano." Ndinamufunsa za mafayilo anga. Anati ndisadandaule, awasunga. Anatchula K12,000, ndinavomera, ndinakazungulira mumsika kudikira.

Nditabwera anandionetsa kakuyaka mwachangu, sikirini ili mbee. Ndinalipira. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti pakona ya kumanja m'munsi, pamene pamakhala timizere ta Wi-Fi, pali kachizindikiro ka X kofiira. Manetiweki a anthu oyandikana nawo aja nawonso anali atasowa. Nditatsegula mafayilo ndinapeza kuti anakopera foda ya Documents yokha. Zonse zimene zinali pa Desktop zinapita: asayimenti imene ndinali nditatsala pang'ono kumaliza, mayeso a Sitandade 7 a zaka zingapo, mndandanda wa ana amasiye umene komiti inandipatsa kuti ndisunge. Ndinakhala pampando osayankhula kanthu mpaka mayi a kunyumba anabwera kudzafunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Nsima ya usiku umenewo sinatsike.

Ngati makina anu akukafomatidwa, mafayilo kopererani nokha pa flash musananyamuke pakhomo. Musayang'ane mu Documents mokha. Onani pa Desktop, mu Downloads, mu Pictures, ndi pena paliponse pamene mumaponya zinthu mukakhala pa changu. Ndipo musapereke ndalama musanaone ndi maso anu makinawo atalumikizana ndi hotspot ya foni yanu, pomwepo pa kauntala, tsamba limodzi la intaneti litatseguka. Windows yongoikidwa kumene nthawi zambiri imakhala ilibe driver wa khadi la Wi-Fi, ndipo wokonza akaiwala kumuika, mumabwerera ndi makina oipa kuposa mmene munapitira nawo.

Ndinabwererako Lolemba nditaweruka. Ulendo uno anandiuza kuti khadi la Wi-Fi lapsa, mwina ndi magetsi, ndipo njira yake ndi kugula kachipangizo ka USB kolowetsa m'mbali. Kanali K15,000. Kumbukirani kuti apa n'kuti kwacha itangogwetsedwa mphamvu mu November 2023, katundu aliyense wochokera kunja atakwera, ndiye mitengo imeneyi musaitenge ngati ya lero. Ndinagula. M'kabokosi kake munali ka CD kakang'ono ka driver. Netbook ilibe poika CD. Ndinakalowetsa kachipangizoko, Windows inati yalephera kupeza driver, basi nkhani inathera pomwepo. Ndinali ndi zipangizo ziwiri za Wi-Fi m'makina amodzi, zonse zili chete.

Asayimenti ndinailembanso kuchokera m'kope la manotsi, usiku, nthawi zina ndi kandulo magetsi akazima, chifukwa inali nyengo ya mvula ndipo amazimazima. Ndinakaitumizira pa kafe ina m'tauni tsiku lake litadutsa, ndipo anandidula mamalikisi. Ndinadziwa pambuyo pake kuti fayilo ukhoza kuisamutsira mu foni ndi kawaya ka chaja kaja, n'kuitumiza pa foni pomwepo osafuna Wi-Fi. Mukapanikizika ndi tsiku lomaliza, chitani zimenezo kaye, zokonza makina zibwere pambuyo.

Thandizo linachokera kwa mtsikana amene ndinamuphunzitsa Sitandade 6 kalekale, amene tsopano anamaliza maphunziro a zamakompyuta pa koleji ina mumzinda muno. Tinakumana kutchalitchi, ndinamudandaulira, anati abwera masana. Atafika sanayambe ndi kukhudza makina. Anakhala pa mpando n'kuti, "Aphunzitsi, tandiuzeni kuyambira pachiyambi. Tsiku lomaliza kugwira bwino linali liti, ndipo chinasintha n'chiyani pakati pa tsiku limenelo ndi lotsatira lake?" Nditatchula za foni yatsopano anagwedeza mutu, n'kufunsanso ngati tsiku limenelo manetiweki a ena amaoneka. Nditati eya, anapumira m'mwamba. Anati kalaputopu kanalibe vuto lililonse mpaka tsiku limene kanapita ku Limbe.

Anandiphunzitsa kusiyanitsa zinthu zimene ife tonse timangoti "intaneti sikugwira". Pali makina osaona netiweki ina iliyonse. Pali oona za ena koma osaona yako. Pali oona yako koma okana kulowa. Ndiye pali olowa bwinobwino koma masamba osatseguka. Chilichonse chili ndi pogwira pake, ndipo mankhwala a china sachiza chinzake. Masana amenewo tinadutsa monsemo, chimodzi pambuyo pa chinzake, chifukwa kufomata kuja kunali kutandibwezera pansi penipeni.

Anayamba ndi chophweka. Ma netbook ambiri ali ndi batani lozimitsira Wi-Fi limene munthu ukhoza kulidina osadziwa. Pa Acer ngati yanga ndi Fn pamodzi ndi F3, pa Asus Eee PC ndi Fn ndi F2, ndipo ena, monga ma HP Mini ena, ali ndi kaswitchi kokankha kutsogolo kapena m'mbali. Yang'anani batani limene lili ndi kachithunzi ka mlongoti. Ana akamasewera ndi makina, kapena mukamawatulutsa m'chikwama chothina, kaswitchi kameneka kamasuntha. Kwa ine sikanali ameneko.

Kenako anatsegula Device Manager. Mumadina Start, n'kulemba devmgmt.msc, n'kudina Enter. Pa mndandanda umene unatuluka, pansi pa Other devices, panali mzere wolembedwa Network Controller uli ndi kachizindikiro kachikasu. Anandilozera ndi chala. "Ili ndi khadi lanu lija akuti lapsa. Likanapsa silikanaoneka pano. Windows ikuliona, koma sikudziwa kuti ndi ndani." Anadina kumanja pa mzerewo, Properties, Details, n'kusankha Hardware Ids. Panatuluka zilembo zoyamba ndi PCI\VEN_168C&DEV_002B. Ndinazikopera pa pepala monga anandiuzira. Manambala otsatira VEN amatchula kampani imene inapanga khadilo: 168C ndi Atheros, 14E4 ndi Broadcom, 10EC ndi Realtek, 1814 ndi Ralink. Otsatira DEV amatchula mtundu wake, ndipo langa linapezeka kuti ndi Atheros AR9285. Zimenezi n'zofunika chifukwa ma netbook a dzina limodzi amatha kukhala ndi makhadi a makampani osiyana m'kati, ndiye kusaka driver ndi dzina la laputopu lokha kukhoza kukupatsani wolakwika.

Funso langa linali lakuti, nanga driver timupeza bwanji pa makina opanda intaneti? Anatenga foni yanga, anasaka pa foniyo driver wa khadi limenelo wa Windows 7 ya 32-bit, popeza Starter ilibe ya 64-bit, anamudawuniloda, analumikiza foni ndi kawaya, n'kukopera fayiloyo pa kalaputopu. Anandichenjeza kuti ndizitenga kaye pa tsamba la kampani imene inapanga laputopu, ndipo ndizipewa mapulogalamu aja amalonjeza kukusakira madriver onse okha, chifukwa ambiri amabwera ndi zinyalala zimene makina a 1 GB sangazisenze. Anandionetsanso njira ina ya tsiku la tsoka: pa foni ya Android pali USB tethering, pafupi ndi pamene pali hotspot, imene imapereka intaneti kudzera pa kawaya popanda Wi-Fi. Komanso netbook ili ndi bowo la waya wa netiweki m'mbali, limene limagwira ntchito ngati muli pafupi ndi rauta (kabokosi kogawa intaneti) ya ku ofesi.

Driver ataikidwa, makina atayatsidwanso, X wofiira anachoka. Mayina a anthu oyandikana nawo anabwerera, ya mnyamata wa pa shopu ija ili pamwamba. Yanga panalibebe. Apa n'kuti ndawononga K27,000, osawerengera ya minibasi, ndataya mafayilo, ndipo ndangofika pamene ndinali usiku woyamba uja.

Anandibwezera foni n'kuti nditsegule ndekha makonzedwe a hotspot, kuti ndidzakumbukire. Pansi pa dzina ndi pasiwedi panali mzere umene ndinali ndisanauonepo, wolembedwa AP band, pa mafoni ena amangolemba Band. Unali pa 5 GHz. Anati ndisinthe ndiike 2.4 GHz. Ndinasintha, ndinasunga, ndinayang'ana pa kalaputopu, dzina langa lili poo pamwamba pa onse, timizere tonse todzaza. Ndinamva mkwiyo ndi chimwemwe nthawi imodzi, moti ndinaimirira n'kutuluka panja kaye.

Chifukwa chake n'chakuti Wi-Fi imayenda pa mafunde a mitundu iwiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Makhadi a m'ma netbook pafupifupi onse amamva 2.4 yokha. Zili ngati wailesi ya FM yokha: wailesi ina iulutse mwamphamvu bwanji pa shortwave, siingaigwire, ndipo sikuti yawonongeka. Mafoni ndi marauta atsopano amakonda 5 GHz chifukwa imathamanga kwambiri ndipo sipakhala kuthithikana, ngakhale kuti sipita patali ndipo makoma amaifooketsa. Foni ya mayi a kunyumba imamva zonse ziwiri, n'chifukwa chake imalowa. Amene muli ndi iPhone zatsopano, mu Personal Hotspot muli batani la Maximize Compatibility, ndipo ntchito yake ndi yomweyi, kutsitsira hotspot pa 2.4.

Anawonjezera china chimene chingakuthandizeni ngati vuto lanu lili pa rauta ya kusukulu kapena ku ofesi. Mkati mwa 2.4 GHz muli matchanelo, ndipo makhadi ena, makamaka amene anakonzedwera msika wa ku America, amaona tchanelo 1 mpaka 11 basi. Rauta ikadzisankhira yokha 12 kapena 13, laputopu yotere imasiya kuiona, mawa lake n'kuionanso rauta ikasintha. Mukaona netiweki imene imaoneka lero n'kusowa mawa pa makina anu okha, pemphani amene amayang'anira rauta aikhazikitse pa 1, 6 kapena 11.

Ndinadina dzina langa, ndinalemba pasiwedi, kanazungulirazungulira, kenako kanalemba kuti Windows was unable to connect. Ndinalembanso mosamala, chimodzimodzi. Mtsikana uja anati tibwerere mu hotspot, pa mzere wa Security. Panali WPA3. Chitetezo chimenechi chinatuluka mu 2018, pamene Windows 7 ndi ya 2009 ndipo siichidziwa. Tinasankha WPA2-Personal. Mafoni ena ali ndi chosankha chophatikiza WPA2 ndi WPA3, koma iye anati makhadi akale amakanabe nthawi zina, bola kuika WPA2 yokha. Ndinamufunsa ngati sikungakhale kophweka kungochotsa pasiwedi. Anaseka n'kuti, "Aphunzitsi, Chirimba yonse idzadya bandulo yanu." Ndipo n'zoona, musasankhe None ngakhale mutatopa bwanji.

Pali kamsampha kena apa kamene ine sikanandigwire chifukwa kufomata kunali kutafufuta zonse, koma kamagwira ambiri. Mukaika pa foni yatsopano dzina lomwe lija la hotspot yakale, Windows imayesa kulowa ndi makonzedwe akale amene inasunga, ndipo akasiyana imakana osakufunsani n'komwe pasiwedi. Pitani mu Network and Sharing Center, Manage wireless networks, chotsani dzina lakalelo, muyambirenso. Kapena ingopatsani hotspot dzina latsopano la zilembo wamba, lopanda tizithunzi ndi tizizindikiro tachilendo.

Kanalowa. Kanalemba Connected. Koma pa timizere paja panali kachizindikiro kachikasu ka makona atatu, ndi mawu akuti No Internet access. Apa ndi pamene anandiphunzitsa lamulo limodzi limene ndimaligwiritsa ntchito mpaka pano. Dinani Start, lembani cmd, pa windo lakuda limene lituluke lembani ipconfig. Yang'anani mzere wa IPv4 Address pansi pa Wireless. Nambala ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti foni kapena rauta sinapatse makina anu adiresi, ndipo Windows yangodzipangira yake yosapita kulikonse. Zikatero zimitsani hotspot n'kuyatsanso, kapena lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew. Ikayamba ndi 192.168, njira ya pakati pa laputopu ndi foni ili bwino, vuto lili kutsogolo kwa foni. Yanga inayamba ndi 192.168.

Anandifunsa kuti ndili ndi bandulo yanji. Ndinali ndi ya WhatsApp yokha, imene ndinagula chifukwa ndalama zinali zitathera kwa wokonza uja. Pa foni mauthenga amalowa, ndiye munthu umaona ngati uli ndi data, koma bandulo yotereyi siitsegula masamba ena, ndipo laputopu singapindule nayo. Musanaimbe mlandu makina, tsegulani tsamba lililonse pa msakatuli wa foni yomweyo. Likakana pa foni, pa laputopu silingatheke. Tinatuma mwana kukagula mayunitsi, tinagula bandulo ya intaneti yonse, kachizindikiro kachikasu kaja kanachoka.

Chotsatira chinandidabwitsa kuposa zonse. Masamba amakana kutseguka, akulemba zoti satifiketi ya chitetezo ili ndi vuto. Mtsikana uja anangoloza pakona pa wotchi. Deti linali la chaka cha 2010. M'kati mwa kompyuta iliyonse muli kabatire kakang'ono kozungulira kamene kamasunga nthawi makina akazima. Pa makina a zaka zoposa khumi kamakhala katatha. Batire lalikulu likadali ndi moto simudziwa, koma langa linafa kale, ndiye magetsi akangozima wotchi imabwerera kumbuyo. Masamba a masiku ano amayerekeza deti la satifiketi yawo ndi deti la makina anu, zikasiyana amakana. Tinakonza deti ndi nthawi, ena anatseguka.

Ena anakanabe, ndipo mlandu unali wa Internet Explorer 8 imene imabwera ndi Windows 7, yomwe ndi yakale kwambiri pa masamba a lero. Tinadawuniloda Firefox 115 ESR pa foni n'kuikopera ndi kawaya. Imeneyi ndiyo yomaliza imene imagwira pa Windows 7. Chrome inalekezera pa 109 kumayambiriro kwa 2023. Iye anasankha Firefox chifukwa imayenda ndi mndandanda wakewake wa masatifiketi, siidalira wa Windows umene unakalamba. Tsamba la kosi yanga linatseguka dzuwa likulowa. Ndinafuna kumupatsa kangachepe, anakana, anati ndinamulipira kale ndi choko. Mayi a kunyumba anamukulungira mbatata ndi mapeyala.

Mawa lake bandulo ija inali itatha, ndisanachite nayo chilichonse chooneka. Ndinamuimbira. Anati Windows yongoikidwa kumene imayamba kudzikokera ma update ikangoona intaneti, ndipo Windows 7 ilibe pouza makina kuti data iyi ndi yogula pang'onopang'ono, zimenezo zinayamba ndi Windows 8. Anandiuza kuti ndipite mu Windows Update, Change settings, ndisankhe kuti isamadzidawunilodere yokha, ndiyang'anenso antivayirasi imene anaika ku Limbe ija. Pa foni napo, mu hotspot, mafoni ambiri ali ndi poika malire a data. Ndinaika malire. Ikani malire amenewa musanalumikize koyamba makina amene angofomatidwa.

Kwa masabata angapo zinthu zinayenda, kenako Wi-Fi inayamba kumadukaduka. Njira yoyamba imene mtsikana uja anandiuza pa foni inathandiza pang'ono: mu Device Manager, pa khadi la Wi-Fi, Properties, Power Management, kuchotsa chizindikiro pa mzere umene umalola kompyuta kuzimitsa khadilo pofuna kusunga moto. Anandikumbutsanso kuti hotspot ya foni imadzizimitsa yokha pakapita mphindi zingapo popanda cholumikizidwa, ndipo zimenezo zimasinthidwa pa foni pomwepo. Koma ndinaona chinthu china. Ndikatsegula chivundikiro pang'ono, timizere timakhala tambiri. Ndikachikankhira kumbuyo, timatsika mpaka kamodzi, nthawi zina kuduka. Nditamufotokozera anati limenelo si la mapulogalamu ayi, ndi la waya, ndipo anandilozera kwa bambo wina wachikulire amene amakonza mawailesi ndi malaputopu ku Ndirande.

Bamboyo anamvetsera nkhani yonse kaye asanagwire sikuludiraiva. Atatsegula anandiitana kuti ndione. Khadi la Wi-Fi ndi kanthu kakang'ono kobiriwira, ndipo pakona pake pali timitu tiwiri tagolide, ting'onoting'ono kwambiri, pamene pamakanikizidwa timawaya tiwiri, kakuda ndi koyera. Timawaya timeneti ndi ta mlongoti. Timadutsa m'mahinjesi n'kukwera kuseri kwa sikirini, ndiye nthawi iliyonse mukatsegula ndi kutseka makina timapindika. Kena kanali katazuka pa kamutu kake, kakungokhudza pang'ono, ndipo hinjesi ikakoka kamachoka. Anakabwezera ndi nsonga ya chala mpaka kanalira kuti tswa, anakamata ndi katepi, n'kumasula pang'ono hinjesi imene inali yolimba. Ndinamupempha asinthenso kabatire ka wotchi kaja, kamene pa ma netbook ambiri kamakhala kokulungidwa m'pulasitiki ndi kawaya kake, osati kongotsomeka. Zonse anandilipiritsa K6,000, ndipo sanalole kuti ndichoke ndisanayatse hotspot n'kutsegula tsamba, akupinda chivundikiro uku ndi uku kuti tione ngati idukanso. "Achimwene, kamakina aka musamakanyamule pogwira sikirini," anatero pondipatsa.

Kachipangizo ka USB kaja sikanapite pachabe. Tinapeza driver wake ndi njira ya Hardware Ids yomwe ija, ndipo ndinakapereka kwa mphunzitsi mnzanga amene khadi la netbook yake linafadi, losaoneka n'komwe mu Device Manager. Pa makina otere, kachipangizo kameneka ndi yankho labwino, bola mufunse musanagule ngati kali ndi driver wa Windows yanu, ndipo akuikireni pomwepo.

Mafayilo sanabwerere. Mtsikana uja anati pakanakhala mwayi tikanayesa tsiku lomwelo, koma Windows yatsopano ndi zonse zimene zinaikidwa pambuyo pake zinali zitalemba pamwamba. Ngati mwataya mafayilo mwanjira imeneyi, zimitsani makina nthawi yomweyo, musaikemo kanthu, mupite nawo kwa wodziwa. Mayeso ena ndinawapeza osindikiza m'kabati ya ahedi ndipo ndikuwatayipanso pang'onopang'ono. Mndandanda wa ana amasiye tinaulembanso ndi komiti, ndipo zinandipweteka kuimirira pamaso pa makolo n'kufotokoza chifukwa chake.

Chimodzi chimene sichingakonzeke ndi chakuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo Windows XP, imene ma netbook ena akadali nayo, inasiyidwa mu April 2014. Makina otere akakhala pa intaneti ndi osatetezeka mokwanira. Ine za kubanki ndi za ndalama sindichitira pamenepo, ndimachitira pa foni. Mtsikana uja akundilimbikitsa kuti tiikemo Linux (pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows) yopepuka ya 32-bit monga antiX, imene ikulandirabe zokonza ndipo imayenda pa RAM ya 1 GB. Akuti khadi la Atheros ngati langa limagwira lokha pa Linux popanda kusaka driver, pamene ena a Broadcom amafuna fayilo yowonjezera, ndiye amene muli ndi VEN_14E4 konzekerani waya kapena USB tethering tsiku loika. Chimene chikundigwira ndi mafomu a kusukulu amene anapangidwa mu Word, sindikufuna kuti mizere yake isokonekere nthawi ya mayeso. Tagwirizana kuti tidzayesa pa holide yaikulu, poyamba kuiyendetsa kuchokera pa flash osakhudza zimene zili m'makina, tione ngati Wi-Fi, pulinta ya kusukulu ndi mafomuwo zikugwirizana nayo.